Sabata imodzi paphiri la Jalasi

Lolemba tinasiya galimoto kumunsi, chakufupi ndi Namwera, n'kuyamba kukwera phiri titasenza matepi oyezera, masefa ndi zigubu za madzi. Pofika pamwamba miyendo inali italemera, koma makoma amiyala a linga lakale la Fort Mangochi atangotulukira pakati pa mitengo, kutopa konse kunatha.

Alendo ambiri amajambula makomawo n'kutsika. Ife tinadzera zimene zili pansi pake. Angerezi anamanga lingali pamalo pomwe panali mudzi waukulu wa mfumu yachiyao, Jalasi, amene mabuku a atsamunda amamulemba kuti Zarafi. Mu 1892 anthu ake anapirikitsa asilikali a boma la Harry Johnston, mkulu wa atsamunda achingerezi m'dziko muno nthawi imeneyo, n'kuwalanda mzinga. Mu 1895 asilikaliwo anabweranso ali ambiri, mudzi unagwa, Jalasi n'kuthawira ku Mozambique.

Lachiwiri ndi Lachitatu tinathera poyeza makoma ndi kulemba mapu, uku tikudzikanda chitedze.

Lachinayi ndiye tsiku limene ndinkaliyembekezera. Tinakumba kadzenje ka mita imodzi mbali zonse, kunja kwa khoma, tikupala dothi pang'onopang'ono ndi kulisefa. Munatuluka makala, mapale a mbiya ndi timikanda tiwiri tagalasi. Phale limodzi linali ndi mizere yocheka bwino m'mlomo mwake, ndipo ndinaligwira nthawi yaitali. Khoma limakuuza za amene anapambana, koma phale ngati ili ndi la mayi amene ankaphika pano mfuti zisanalire. Dzina lake palibe anasunga.

Madzulo ake wophunzira wina amene tinali naye anati, "Ndiye kuti inali nkhondo ya Akhristu ndi Asilamu?" Funsoli ndimalimva kawirikawiri, ndipo limandivuta mumtima. N'zoona Chisilamu chinali chitayamba kuzika mizu m'midzi ya mafumu achiyao, ndipo amishoni ankafuna kuti mafumuwa agonje. Koma ambiri mwa onyamula mfuti kumbali ya Johnston anali Asikh a ku India, Amakua ndi Atonga. Chimene ankalimbirana chinali ulamuliro, ndi njira zopita kugombe la nyanja yamchere zomwe munkadutsa minyanga, onga ndi akapolo. Za akapolozo sitingazibise, ngakhale zimawawa kuzikamba pakati pa zidzukulu za ogulitsa ndi za ogulitsidwa.

Lachisanu tinatsikira kumudzi kukacheza ndi gogo wina, mnzathu akumasulira Chiyao. Nditafunsa za linga, anapukusa mutu. "Mwanangu, linga ndi la azungu. Ndifunse komwe makolo athu ankatunga madzi." Anatilongosolera kasupe, malo amene alonda ankakhala, ndi njira yomwe anthu anathawira. Zonsezi pa mapu athu panalibe.

Loweruka tinayenera kupakira, koma m'mamawa ine ndi wophunzira uja tinakweranso, mdzukulu wa gogoyo akutitsogolera, kukafuna kasupeyo.