Mmene ndinapezera ndi kugwirira ntchito ndi aganyu pokonzanso nyumba yanga ku Luwinga

Munthu akaganiza zokonzanso nyumba, maganizo ake onse amakhala pa ntchito zikuluzikulu monga kusintha malata, kuika siling'i kapena kuwonjezera chipinda, ndipo anthu amene amayamba kuwafunafuna ndi mmisiri womanga ndi kalipentala. Koma pakati pa ntchito zikuluzikuluzi pamakhala tintchito tambirimbiri timene mmisiri wamkulu safuna kutaya nato nthawi, ndipo tikasowa wotigwira, ntchito yonse imaima ngakhale simenti ndi matabwa zili pakhomo. Nyumba yanga ili ku Luwinga mumzinda wa Mzuzu, ndipo nthawi yonse imene inkakonzedwa ine ndi banja langa tinapitiriza kugonamo, choncho nkhani ya amene akulowa ndi kutuluka pampanda inandidetsa nkhawa mofanana ndi mtengo wa zipangizo.

Ndinayamba ndi kukhala pansi ndi mmisiri womanga n'kumufunsa kuti andiuze mosabisa ntchito zimene zili mkati mwa mtengo umene tinagwirizana. Iye anali ndi anyamata ake omusakanizira simenti ndi kumupatsira njerwa, ndipo amenewo ankawalipira yekha. Kugumula pulasitala wakale, kuchotsa zigumukazo pabwalo, kusefa mchenga, kutunga madzi tsiku limene mpopi wauma, kukumba ngalande kuseri kwa nyumba, kupala makoma penti asanapakidwe, kuthirira pulasitala watsopano ndi kusuntha katundu m'zipinda, zonsezi anandiuza kuti si zake. Ndinazilemba m'kope limene linakhala buku la ntchito yonse, ndipo ndikulangiza aliyense kuti funso limeneli alifunse ntchito isanayambe, chifukwa likafunsidwa makoma atagumulidwa kale, yankho lake limabwera ndi mkangano.

Mndandandawo ndinaugawa pawiri. Mbali ina inali ya ntchito zofuna mphamvu ndi kusamala basi, zimene munthu aliyense wakhama angagwire akauzidwa bwino. Mbali inayo inali ya ntchito zooneka zazing'ono koma zoopsa, makamaka zamagetsi ndi zamadzi. Kusuntha soketi imodzi kuchoka pakhoma lina kupita pa lina kumaoneka ngati ganyu wa kanthawi kochepa, ndipo simudzasowa mnyamata wokuuzani kuti amadziwa mawaya, koma nthambo yolumikizidwa molakwika ikabisika m'siling'i yamatabwa, ngozi yake ndi moto. Pa zamagetsi ndinafuna munthu wokhala ndi chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta m'dziko muno, ndipo za mita ya magetsi ndi ya madzi ndinaletseratu aliyense kuzikhudza, popeza imeneyo ndi ntchito ya ESCOM ndi Northern Region Water Board. Pulambala ndi kalipentala wa zitseko ndinawafunsa kumene anaphunzira. Mzuzu ili ndi achinyamata ambiri amene anadutsa ku Mzuzu Technical College kapena m'maphunziro ena a TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, ngakhale ndiyenera kunena kuti alipo amisiri aluso amene anaphunzira pongotsatira akuluakulu awo, ndipo kwa oterowo umboni wake ndi kupita kukaona ndi maso nyumba imene anagwirako.

Kupeza aganyu sikuvuta kuno. Lole ikangotsitsa mchenga pakhomo, m'mawa mwake mumamva kugogoda pageti, wina akufunsa kuti, "Odi abwana, ganyu alipo?" Chovuta ndi kusankha. Ine sindinafune kubweza aliyense mwamwano, chifukwa wofuna ganyu ndi munthu amene wasankha kudya thukuta lake, komabe amene ankalowa m'nyumba momwe muli ana ndi katundu ndinafuna akhale anthu amene wina wodziwika angawaikire umboni. Ndinafunsa anansi amene anamangitsapo posachedwa, anzanga akutchalitchi, mfumu ya m'dera lathu, ndiponso mwini sitolo ya zipangizo zomangira amene amadziwa anyamata onse onyamula katundu. Obwera okha pageti ndinkawapatsa ntchito zapanja poyamba, ndipo amene ankaonetsa kukhulupirika ndi amene pambuyo pake ankalowa mkati.

Aliyense ndinkamupempha kuti andionetse chiphaso cha unzika, chimene anthu ambiri akhala nacho kuyambira kalembera wa 2017, ndipo ndinkalemba dzina lake, kumene akukhala ndi nambala yake ya foni, kenako n'kumubwezera chiphasocho nthawi yomweyo. Ndamva kuti ena amasunga chiphaso cha waganyu ngati chikole mpaka ntchito itatha, koma zimenezo sindigwirizana nazo, popeza munthuyo amachifuna pokatapa ndalama ndi pa zinthu zina zambiri. Ana asukulu amene ankabwera Loweruka kudzapempha kusefa mchenga ndinkawabweza, chifukwa lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 14, ndipo fumbi la simenti ndi kunyamula zolemera si zabwino ngakhale kwa wamkulupo pang'ono. Amayi awiri a m'dera lathu ndi amene anatenga ntchito yotunga madzi ndi kusefa mchenga, ndipo anaigwira mwadongosolo kuposa mmene ndinkayembekezera.

Gawo limene ndinathera nthawi yambiri ndi la kugwirizana mtengo, ndipo ndi limene ndikuliona kuti ndi mtima wa nkhani yonse. Pali njira ziwiri, kulipira patsiku kapena kulipira pantchito. Ntchito iliyonse yotheka kuyezedwa ndinkailipira pantchito, chifukwa waganyu amadziwa kuti akaimaliza msanga akhoza kukafuna ina kwina, ndipo ine sindinkafunika kuima pambali pake tsiku lonse. Koma njira imeneyi imayenda pokhapokha ngati nonse awiri mwaona chinthu chimodzi ndi maso. Pa ngalande ya kuseri, ndinayenda ndi bambo amene anaitenga kuyambira pangodya ya khitchini mpaka kumpanda, tinakhoma zikhomo n'kumangapo chingwe, ndipo ndinadula kamtengo kosonyeza kuya kwake, kena kosonyeza mulifupi. Nditamaliza ndinawafunsa kuti, "Bambo, dothi lotulukamo mukalitaya kuti?" Iwo anayankha kuti, "Ilo ndi ganyu wina, abwana." Tinakambirana pomwepo mpaka kutaya dothi kunalowa m'mtengo, ndipo ndinalemba m'kope iwo akuona. Anthu ambiri kuno chilankhulo chawo ndi Chitumbuka, ndipo ngakhale pafupifupi onse amamva Chichewa, ndinkapempha munthu kuti abwereze m'mawu ake zimene tagwirizana kuti pasakhale kumvana kwa pakamwa chabe.

Ntchito zosayezeka, monga kutulutsa mipando ndi makabati m'chipinda, kuthandiza kalipentala kugwira matabwa kapena kukolopa madzulo, ndinkalipira patsiku, titagwirizana nthawi yoyamba ndi yowerukira.

Mitengo sindiitchula pano chifukwa imasintha mofulumira. Chichokereni pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo umene mnansi wanu analipira chaka chatha sungakuthandizeni kwambiri, ndipo ndi bwino kufunsa amene akumangitsa pakali pano. Kunenerera n'kwachibadwa, ndipo waganyu amatchula mtengo wokwera akuyembekezera kuti mutsitsa. Komabe ndinaona kuti si nzeru kufinya munthu mpaka avomere ndalama imene sangagulire ufa ndi ndiwo za tsikulo, chifukwa amavomera pakamwa pokha, kenako ntchito amaigwira mothamanga kapena kuisiya pakati akamva kuti kwina kukulipidwa bwino.

Nkhani ya chakudya ndi zida nayonso ndinkaimaliza ntchito isanayambe. Ife tinasankha kupereka tiyi m'mawa ndi nsima masana, nthawi zambiri ya usipa kapena nyemba ndi masamba, chifukwa munthu akapita kukadya kwawo ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa, masana onse amathera m'njira. Wilibala, fosholo, piki, sefa ndi makwerero zinali zanga, ndipo tinkaziwerenga limodzi m'mawa ndi madzulo, osati chifukwa chomuganizira wina zoipa, koma kuti chikasowa chinthu pasapezeke wonamiziridwa. Ogumula pulasitala ndinawagulira magolovesi ndi zotseka pamphuno, ndipo aliyense wokwera pamakwerero ankayenera kukhala ndi mnzake wowagwira pansi. Munthu akavulala pakhomo panu, udindo womuthamangitsira kuchipatala ndi wanu, ndipo ndi bwino kuuvomereza udindowo m'mtima ngozi isanachitike.

Pa kalipiridwe, sindinkapereka ndalama yonse ntchito isanayambe, koma sindinkachedwetsanso malipiro ntchito ikatha. Waganyu amadya za tsiku lomwelo, ndipo kumuuza kuti abwere mawa kapena pakutha pa mwezi ndi kugoneka banja lake ndi njala. Pa ntchito yotenga masiku angapo, ndinkapereka kagawo madzulo aliwonse, yotsala n'kudzamaliza nditaiona ntchitoyo. Ena ankafuna ndalama m'manja, ena pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo kwa amenewa ndinkawonjezera yotapira kuti alandire ndalama yokwanira imene tinagwirizana. Chilichonse chimene ndapereka chinkalembedwa m'kope, munthuyo n'kusainira pambali pake.

Nyengo ya Mzuzu inalamulira zambiri. Mvula kuno imachedwa kusiya poyerekeza ndi madera ambiri a m'dziko muno, ndipo ngakhale mu June ndi July kumakhala kuzizira ndi mawawa, moti khoma limatenga nthawi kuti liume. Matumba a simenti, amene amakhala a makilogalamu 50, tinawasanja pamatabwa m'chipinda chokhoma, osagunda khoma kapena pansi, ndipo mnyamata wonyamula ndinamuuza kuti azitulutsa okhawo amene mmisiri wapempha. Kuthirira pulasitala watsopano m'mawa ndi madzulo kwa pafupifupi sabata ndi ntchito imene imaiwalika kawirikawiri chifukwa mmisiri amakhala atasamukira kuchipinda china, koma ikalekedwa khoma limachita ming'alu, choncho ndinaipereka kwa munthu mmodzi kuti ikhale yakeyake. Opaka penti ndinawadikiritsa mpaka makoma atauma bwinobwino, ngakhale iwo ankafunitsitsa kuyamba, popeza penti wopakidwa pakhoma lachinyezi sachedwa kutukusira ndi kusupuka.

Pakhomo pakakhala anthu ambiri, olamula nawonso amachuluka. Mmisiri ankatuma waganyu wanga kuti amubweretsere njerwa, mayi a kunyumba ankamutuma kumsika, ine ndikabwera kuchokera kuntchito n'kupeza zimene ndinamusiyira zisanathe. Tinakhala pansi n'kugwirizana kuti malangizo azichokera kwa munthu mmodzi patsiku, ine kapena mkazi wanga, ndipo mmisiri akafuna thandizo aziuza ifeyo. Zipinda zogona tinkazikhoma, ndipo madzi akumwa ndi chimbudzi chapanja tinawasonyeza tsiku loyamba kuti pasakhale chifukwa choyendayenda m'nyumba.

Ntchito ikatha ndinkaiyesa mwini wake ali pomwepo. Pa ngalande ija tinathira chidebe cha madzi kumtunda n'kuwatsatira pang'onopang'ono, ndipo anayenda bwino mpaka pafupi ndi thanki ya chimbudzi pamene anaima n'kupanga kachithaphwi. Bambo aja sanatsutse chifukwa anaona okha, anangotenga khasu n'kuseula pamalopo mpaka madzi anatsika. Makoma opalidwa ndinkawasisita ndi dzanja, pulasitala wakale wotsala ndinkamugogoda ndi chogwirira cha hamala kuti ndimve ngati pali polira ngati mphako, ndipo zitseko ndinkazitsegula ndi kuzitseka kangapo, kuphatikizapo m'mawa kukali chinyezi pamene matabwa amafufuma. Mnyamata mmodzi yekha ndi amene anasiya ntchito yopala makoma pakati osatsanzika, koma popeza ndinali nditamulipira za masiku amene anagwira okha, panalibe chotsalira pakati pathu, ndipo mnzake anamaliza chipindacho pamtengo wa gawo lotsalalo.

Ganyu womaliza anali wochotsa zigumuka ndi zotsalira zonse. Zidutswa za njerwa ndi pulasitala tinakakwirira nazo maenje a mumsewu wa kutsogolo kwathu titapempha kaye kwa mfumu ndi anansi, malata akale abwinoko anafolera khola la nkhuku, ndipo misomali ndi magalasi osweka tinazitola mosamala chifukwa cha ana osewera opanda nsapato. Manambala a amayi awiri aja, bambo a ngalande ndi pulambala ndinawasunga m'foni, ndipo mnansi wanga amene akuyamba kukonza khonde lake mwezi wamawa wawatenga kale.