Lachinayi, 14 Epulo 2022: tsiku lachitatu la namondwe wa chipale ku North Dakota, m'dziko la America

Kwacha mphepo ya kumpoto chakumadzulo ikadali kuwomba. Chipale chofewa chimene chinayamba Lachiwiri chachepa kugwa, koma kunja sikunayere, chifukwa mphepo ikutola chomwe chagwa kale n'kumachiunjika paliponse pamene yapeza chotchinga: kuseri kwa khola, pa mpanda, pa mabelo a udzu, pakhomo la nyumba. Pamtetete pena dothi likuoneka lakuda bii, koma mapazi khumi kuchokera pamenepo mulu wafika pa denga la shedi. Ku Bismarck ayeza mainchesi oposa 18, omwe ndi masentimita pafupifupi 46. Ku Minot kwamveka mainchesi 36, pafupifupi mita yathunthu. Msewu waukulu wa I-94 unatsekedwa kuchokera ku malire a Montana mpaka ku Jamestown, mtunda wa makilomita oposa 400.

Ziwerengero zimenezi muzizitenga mosamala. Kuyeza chipale mphepo ikuwomba chonchi n'kovuta: woyeza amabaya lula malo asanu kapena khumi, kupewa milu ndi malo osesedwa, n'kupeza pakati pake. Muyeso wodalirika kwambiri ndi wa madzi. Amadula chipale ndi chitini choyezera mvula, n'kuchisungunula, n'kuona madzi amene atuluka. Chipale chonyowa cha mu Epulo chimapereka sentimita imodzi ya madzi pa masentimita khumi alionse, pamene chouma cha mu Januwale chimafuna masentimita 15 kapena 20 kuti chipereke madzi omwewo. N'chifukwa chake cha sabata ino n'cholemera pa fosholo, chimamatira pa ubweya wa ng'ombe, ndipo chimathyola nthambi.

Namondweyu ndi wa mtundu umene kuno amautcha Colorado low. Amabadwira kum'mawa kwa mapiri a Rocky, n'kulowera kumpoto chakum'mawa akuzungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi. Mbali yake ya kum'mawa imakoka chinyontho kuchokera ku Gulf of Mexico, ya kumadzulo imatsitsa mphepo yozizira ya ku Canada, ndipo chipale chochuluka chimagwera kumpoto chakumadzulo kwa njira imene pakati pake padutsa. Njirayo ikasuntha makilomita 80 okha, tauni imene imayembekezera theka la mita imangolandira mvula. Wasiyana ndi Alberta clipper wa pakati pa nyengo yozizira, amene amadutsa mothamanga n'kusiya chipale chochepa chouma. Uyu wayenda pang'onopang'ono, ndipo a zanyengo a boma, a National Weather Service, samatchula mawu oti blizzard (namondwe wa chipale) chifukwa cha kuya kwa chipale ayi. Amafuna mphepo ya mamailosi 35 pa ola kapena kuposa, maso osaona kupitirira kota ya mailo, ndipo zimenezi zikhale kwa maola atatu. Sabata ino malire onsewo apyoledwa masiku awiri otsatizana.

Cha m'ma 9 koloko, alimi a ng'ombe ayamba kutuluka ndi mathirakitala, ndipo apa m'pamene pali nkhani yaikulu ya lero. Malichi ndi Epulo ndi miyezi imene ng'ombe zambiri za nyama zimabereka ku madambo a kumpoto ano. Namondweyu wafika mathole ali a masiku awiri, ena a maola awiri, ena akubadwira m'chipale momwemo.

Ng'ombe yaikulu ya ubweya wouma wa nyengo yozizira imapirira mpaka madigiri 7 kapena 8 a Celsius pansi pa ziro isanayambe kuwononga mafuta a m'thupi. Ubweyawo ukanyowa, imayamba kumva kuzizira ngakhale pa madigiri 15 pamwamba pa ziro. Onjezani mphepo: madigiri 10 pansi pa ziro, mphepo ikuthamanga makilomita 50 pa ola, thupi limamva ngati ndi 22 pansi pa ziro. Thole lobadwa kumene limatuluka lonyowa, lilibe mafuta okwanira, ndiye limatha kufa mayi wake asanamalize kulinyambita.

Pofufuza ziweto, yambirani kumene mphepo imalowera, kum'mwera chakum'mawa kwa busa. Ng'ombe zikapanikizika zimapatsa mphepo msana n'kumayenda nayo mpaka zitagunda waya, ndipo pa ngodya ya mpanda m'pamene zimaunjikana n'kupondana. Kenako yang'anani timashedi ta mathole. Timashedi timeneti timapulumutsa ambiri, koma khomo likatsekeka ndi mulu wa chipale, mathole makumi awiri odzazana m'kati amatha mpweya. Fukulani khomolo musanachite china chilichonse. Pa milu ikuluikulu, kabowo kakang'ono kachikasu m'mbali mwake kamasonyeza kuti pansi pali chamoyo chikupuma. Ng'ombe zina zimapezeka mphuno ndi zikope zitamatidwa ndi madzi oundana. Zichotseni ndi dzanja msanga, chifukwa ng'ombe yosaona komanso yobanika siyenda kukafuna chakudya.

Thole mukalipeza litagona, pisani chala m'kamwa mwake. Mukatentha ndipo likuyamwa chalacho, lipukuteni, liikeni pa udzu wouma wokwanira kubisa miyendo yake, lipatseni mkaka. M'kamwa mukazizira, tengani themometa muyeze kumatako. Thole labwino limakhala pa madigiri 38.5 mpaka 39. Likatsika pansi pa 38 lazizidwa, ndipo bokosi lotenthetsera kapena m'kati mwa galimoto, popondera pamene pamatuluka mpweya wotentha, pangalikwanire. Likafika cha pa 34 kapena kutsikirapo, zafika poopsa, liviikeni m'bafa la madzi ofunda a madigiri 38, mutagwira mutu kuti usamire, ndipo muziwonjezera madzi otentha pang'onopang'ono chifukwa thupi lozizira limaziziritsa bafa msanga. Mukalitulutsa liumitseni mpaka pakhungu. Kulibwezera panja likadali lonyowa n'kutaya ntchito yonse. Makutu, mchira ndi ziboda zoundana musazitikite. Mumang'amba minofu imene ikanachira.

Likatha kudzutsa mutu, lilandire mkaka woyamba wachikasu uja, malita awiri, ndipo mubwerezenso pasanathe maola 12. Likakanika kuyamwa gwiritsani ntchito chubu chomwetsera, mutaliimika kapena kulikhazika pachifuwa, osati chogonera m'mbali, kuopa kuti mkaka ungalowe m'mapapo. Matumbo a thole amalandira chitetezo cha mu mkaka umenewu bwino m'maola 6 oyambirira, ndipo pofika maola 24 khomo limakhala litatsekeka. Chimodzi chimene ambiri amaiwala: thole losambitsidwa limataya fungo lake, mayi n'kulikana. Atsekereni awiriwo m'kakhola kamodzi tsiku limodzi kapena awiri, makamaka ngati ng'ombeyo ndi yobereka koyamba, ndipo muone ngati nsonga za mawere ake sizinapse ndi chisanu, chifukwa ikamamva kuwawa imamenya thole likafuna kuyamwa.

Masana, dzuwa layesera kutuluka kumadzulo. Kudyetsa ndiko kwavuta chaka chino. Chilala cha 2021 chinasiya udzu wochepa, alimi ambiri anagulitsa ziweto, ndipo amene anatsala nazo afika mu Epulo mabelo akuwerengeka. Komabe lero si tsiku loumira. Ng'ombe yonyowa, yoyamwitsa, imene yakhala maola 48 osadya mokwanira iyambe ndi udzu wabwino wambiri, osati chimanga chochuluka mwadzidzidzi chimene chingaitupitse mimba. Madzi nawonso: zomwera zambiri zimadalira magetsi popopa ndi poletsa kuundana, ndipo ng'ombe yoyamwitsa imafuna malita oposa 40 pa tsiku. Kunyambita chipale sikungafike pamenepo, mkaka umangouma.

Amene ataya ziweto ajambule zithunzi lero, chipale chisanasungunuke ndiponso nkhandwe zisanafike, alembe manambala a pa khutu ndi tsiku m'buku la zobereka. Thandizo la boma la Livestock Indemnity Program limadzera ku ofesi ya Farm Service Agency ya m'dera, ndipo mu 2022 linkafuna kuti mlimi awadziwitse pasanathe masiku 30. Popanda umboni, mapepala amavuta. N'zowawa kujambula thole lakufa limene munalidikirira miyezi isanu ndi inayi, koma chitani.

M'matauni ntchito ndi ina. Zungulirani nyumba muone mapaipi otulutsa utsi wa chotenthetsera nyumba, amene nthawi zambiri amatulukira m'munsi mwa khoma. Mulu ukawatseka, utsi wa carbon monoxide umabwerera m'nyumba, ndipo ulibe fungo. Mita ya gasi ifukuleni ndi dzanja kapena tsache, osati fosholo. Jenereta ikhale panja, mamita 6 kuchokera pa khomo ndi mazenera, osati mu galaja ngakhale chitseko chili chotsekula. Pokumba, tengani theka la fosholo, pumirani pafupipafupi. Chipale cholemera chotere chimagwetsa anthu ndi mtima chaka ndi chaka, makamaka abambo achikulire amene amafuna kumaliza zonse nthawi imodzi.

Za pamsewu, imbani 511, nambala yofunsira za misewu, kapena onani mapu a North Dakota Department of Transportation musanalize galimoto. Msewu wotsekedwa ndi geti usazembedwe podzera tinjira ta kumidzi, chifukwa kumeneko n'kumene magalimoto okankha chipale amafika pomaliza. Mukatitimira, khalani m'galimoto. Fukulani ekizozi, lizani injini mphindi khumi pa ola lililonse, tsitsani galasi pang'ono mbali yosawomba mphepo, mangani nsalu yowala pa eriyo. Anthu amafera mamita ochepa kuchokera pa galimoto yawo atayesa kuyenda wapansi kulondola nyali imene amaiona ngati ili pafupi. A mathirakitala akumbukirenso kuti ambiri anathira kale dizilo wa chilimwe, amene amalimba ngati phala kukazizira kwambiri n'kutseka fyuluta. Sakanizani ndi dizilo wa nambala 1 ndipo sungani fyuluta ina m'kabati.

Madzulo mphepo yayamba kugonja, ndiye tione masiku akubwerawa. Usiku uno ndi wa mawa, Lachisanu Loyera, kuzizira kudzaluma kuposa masiku a namondwe, chifukwa thambo likayera pamwamba pa chipale chatsopano kutentha konse kumathawira kumwamba. Masana adzakhala ozizira kwambiri poyerekeza ndi pakati pa Epulo wa masiku onse, pamene ku Bismarck kumafika madigiri oposa 10. Loweruka ndilo tsiku la mpata: kutsegula njira za ku mabelo, kuyala udzu wogonera watsopano, kukagula mkaka wa ufa ndi mankhwala. Lamulungu la Pasaka kukuyembekezeka chipale china, chocheperapo, makamaka kumpoto, koma chidzagwera pa milu yomwe ilipo kale, ndipo mphepo pang'ono idzatsekanso njira zimene zakumbidwa. Amene akuganiza zoyenda ulendo wautali kukadya Pasaka ndi abale aonenso zolosera Loweruka madzulo, chifukwa za masiku atatu zimasuntha.

Kusungunuka kukadzayamba sabata yamawa, vuto lidzasintha nkhope. Dzuwa la Epulo ndi lamphamvu, khola lidzasanduka matope osakanikirana ndi ndowe, mawere adzada, ndipo pakatha masiku asanu mpaka khumi mathole amene anaphonya mkaka woyamba adzayamba kutsegula m'mimba ndi chibayo. Ng'ombe zimene sizinabereke zisamutsidwire pamalo okwera ndi oyera, zosiyana ndi zimene zili ndi mathole aakulu, ndipo madzi a mchere ndi shuga obwezera mphamvu akhale pafupi.

Akuluakulu kuno sangalephere kukumbukira Epulo 1997, pamene namondwe wotchedwa Hannah anapha ng'ombe pafupifupi 100,000, ndipo patangopita masabata awiri mtsinje wa Red unakwera kupitirira mafiti 54 n'kumiza mzinda wa Grand Forks. Chaka chino chipale chochuluka chagwera kumadzulo ndi pakati, kumene nthaka ili ndi ludzu la chaka chathunthu. Chikasungunuka pang'onopang'ono, masana chikusungunuka usiku chikuundana, madzi ambiri adzalowa pansi, ndipo milu ya m'zigwa idzadzaza madamu omwetsera ziweto amene anauma chaka chatha. Kufesa tirigu kudzachedwa ndi masabata angapo. Usiku uno, ng'ombe zoyembekezera kubereka zizionedwa maola awiri alionse, tochi ndi matawulo ouma zili m'manja.