Mmene ndimakonzera zipangizo zisanalowe mu autoclave

Autoclave ndi makina ophera majeremusi pa zipangizo zachipatala pogwiritsa ntchito nthunzi yotentha kwambiri. Nthunzi imapha majeremusi pokhapo pamene yafika. Magazi akaumira pachitsulo, kapena sizasi ikalowa chitsekere, malo amenewo amatuluka momwe analowera.

Ndisanagwire kanthu ndimavala magolovesi okhuthala aja, epuloni ndi zoteteza maso. Zipangizo zikangobwera sindidikira kuti magazi aume. Kumene timaviikabe mu klorini wa 0.5%, JIK wa 3.5% ndimathira kapu imodzi ku makapu 6 a madzi, ndipo ndi mphindi 10 basi. Zikakhalitsa mmenemo zimayamba timadontho ta dzimbiri ndipo sizasi imabuntha.

Nthawi yambiri imathera potsuka. Chilichonse chomasuka ndimamasula. Ndimakwecha ndi burashi ndi sopo, chitsulo chili pansi pa madzi kuti zisandithovukire kumaso. Pobisala zonyansa ndi m'mano a forceps (zitsulo zopanira), pahinji ndi pamakwerero otsekera paja. Ndimatsegula nkutseka kangapo, chifukwa pahinji pooneka poyera pamatha kutuluka kamzere kofiirira. Kenako ndimatsukuluza ndi madzi ambiri nkupukuta mpaka ziume. Chadzimbiri, chopindika kapena chosaluma bwino ndimachichotsa pomwepo.

Polongedza, zonse zahinji zimagona zili yasa, zolemera pansi. Mabeseni sindisanjikiza popanda kansalu pakati. Ndimaika indicator, kapepala kosintha mtundu nthunzi ikakafikira mokwanira, pakati penipeni pa paketi, nkukulunga ndi nsalu ziwiri zopanda bowo, osamanga kwambiri. Kuno ku Mzuzu, m'miyezi ya June ndi July, nsalu zochokera kochapa zimatha kubwera zili nyowe, choncho muzizigwira ndi dzanja musanakulunge. Panja ndimamata tepi ya autoclave nkulemba zomwe zili mkati ndi tsiku. Tepi ikachita mizere yakuda, yangonena kuti paketiyo yadutsa pamoto. Umboni wa mkati ndi indicator.

M'makinamo ndimathira madzi a distilled (ochotsedwa mchere ndi zina zosungunuka), apampopi amasiya zoyangayanga. Mapaketi ndimawaimika chammbali motalikirana, osagunda khoma. Mabeseni ndimawapendeketsa kuti madzi asadikhemo. Dilamu yachitsulo yolongedzamo zinthu imalowa timazenera take tili totsegula, nkudzatseka ikatuluka. Ngati ndi autoclave yonga poto ija, ndimasiya vavu yotsegula mpaka nthunzi izituluka mosadukiza, chifukwa mpweya wotsalira umapangitsa geji yoyeza mphamvu ya nthunzi kuonetsa bwino mkati musanatenthe mokwanira.

Pa 121°C ndi 106 kPa, zokulunga zimafuna mphindi 30, zosakulunga mphindi 20. Kuwerenga kumayamba geji ikafika pamenepo, osati potseka chitseko. Magetsi akathima pakati, palibe zopitiriza pomwe zinalekera, timayambiranso.

Geji ikabwerera pa 0, ndimatsegula chitseko pang'ono nkusiya mapaketi aume kwa mphindi 30. Otentha sindiwaika pachitsulo chozizira, amachita thukuta pansi. Paketi ikatuluka yonyowa, ngakhale kadontho kamodzi, ndimaimasula, nkusintha nsalu, nkuibwezamo.