Kamba wa mizimu pa Mulanje

Tinanyamuka ku Likhubula m'mawa wa mu July, ine ndi alamu anga ndi mnyamata wotilondolera njira, cholinga kukaponda pa Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002. Alamu ndi munthu wa kumunda, miyendo yawo ndi yolimba. Ine ndili ndi mimba ya mu ofesi. Pofika ku Chambe, kumene kuli nyumba yogonamo okwera phiri, ndinali nditasiya kale kuyankhula, ndikungopuma wefuwefu.

Usiku umenewo tikuwotha moto, mnyamata uja anatisimbira zimene agogo a kuno amanena. Ukapeza chakudya paphiri, nsima kaya nthochi zakupsa, nchamizimu. Udye wekha, osaitana mnzako, osatengako chopita nacho kwanu. Amene anaitana anzawo sanabwerere. Ankasimba motsitsa mawu, akumaima pena n'kuyang'ana kukhomo. Ndinaseka mokweza kuti alamu asaone kuti ndikusendera kumoto.

Mawa lake, tikulowera ku Chisepo, nyumba ina yogonamo ili m'munsi mwa Sapitwa, chiperoni chinatsika. Nkhungu tolotolo, mikungudza osaioneka, alamu osawaoneka. Ndinatsalira m'mbuyo, njala itandigwira mpaka mawondo kunjenjemera. Nditazungulira chimwala china, ndinangoona pathanthwe pali mbatata zophika, mazira owiritsa awiri ndi nthochi, zoyalidwa bwinobwino. Pambali panali kamchere kokulunga m'chidutswa cha nyuzipepala.

Thupi lonse linachita tsemwe. Kuthawa ndinaopa, kukana chakudya cha eni phiri ndinaopanso. Ndinavula chipewa, kuwomba m'manja katatu mwaulemu, n'kukhala pansi. Za nyuzipepalazo ndinaziganizira pang'ono, koma ndinati kaya, mizimu nayonso imafuna kudziwa mtengo wa feteleza. Ndinadya mwakachetechete monga mwa lamulo. Mbatata zinali zokoma, tisanamizane.

Ndili pa dzira lomaliza, kuseri kwa mwala kunamveka kutsokomola. Ndinatseka maso. Nditatsegula, kunatulukira mnyamata wathu uja akumanga lamba.

"Bwana, kamba wanga ndinamusiya pompano."

M'kamwa munali modzaza dzira. Ndinangoloza kumwamba.

"Akhwangwala?"

Ndinapukusa mutu. Iye anayang'ana makoko a nthochi amene ndinawasanja mwaulemu pathanthwe, kenaka anayang'ana ndevu zanga.

"Koma bwana, bwanji osandiitana?"

"Si munanena nokha kuti osaitana munthu!"

Alamu anatipeza tili pomwepo, ndipo anaseka mpaka kugona pa udzu wonyowa. Mnyamatayo anayenda njira yonse yotsala ndi njala, osandiyang'ana. Ku Chisepo ndinamupatsa buledi wanga yense ndi chitini cha nsomba, ndipo ku Sapitwa anapita awiriwo, ine ndikusisita mawondo pakhonde.

Vuto ndi lakuti nkhaniyi ili m'manja mwa alamu, ndipo iwo akamasimba sabwereza mmene ananenera dzulo. Pa Khrisimasi mazira aja anali asanu ndi limodzi. Pamaliro ena kumudzi anati ndinagwada n'kuimbira mizimu nyimbo ya kwaya. Pachinkhoswe cha mwezi watha, mayi wina amene sindimudziwa n'komwe anandigwira mkono n'kundifunsa ngati ndine bambo uja anadya nkhuku yathunthu paphiri, pamodzi ndi nyuzipepala yomwe.