Mbatata za pansi pa thumba

Chaka chathachi ndinakolola matumba 38 a mbatata ya kachewere m'munda wanga wa ku Tsangano, ndipo pa matumba onsewo anayi okha ndiwo ndinawalongedza moona mtima. Aliyense amene analimapo kachewere kuno ku mapiri a Angónia amadziwa mmene ntchitoyi imayendera. Pansi pa thumba timathira timbatata ting'onoting'ono, tina totemedwa ndi khasu pokumba, tina tobiriwira chifukwa chowombedwa ndi dzuwa, ndipo kukamwa kwa thumba timasanja zikuluzikulu zosalala, kuti wogula akamasula chingwe asakhale ndi chifukwa chopisira dzanja mpaka pansi. Palibe amene anandiphunzitsa zimenezi ndi mawu. Ndinaziona ndili mnyamata pa msika wa ku Lizulu, pamene msewu wokha ndiwo umalekanitsa dziko lathu la Mozambique ndi Malawi, ndipo ndinakula ndikuziyesa nzeru za malonda.

Matumba anayi aja anali a zopereka za masika ku mpingo kwathu. Amenewo ndinawasankha ndekha, mbatata imodziimodzi, kuyambira pansi mpaka pamwamba, popeza sindikanalola kuti akulu a mpingo akhuthule thumba lolembedwa dzina langa n'kupezamo zinyalala. Mayi a kunyumba anaimirira pakhomo akundiyang'ana, kenaka anandifunsa mwaulemu kuti, "Bambo, matumba a Mulungu mwawasankha bwino ndithu, nanga enawa ndi a yani?" Ndinawayankha kuti zamalonda azindisiyira ine, koma funsolo ndinagona nalo, ndipo m'mawa ndinadzuka nalonso.

Baibulo limene ndimawerenga ndi Buku Lopatulika, lija linatuluka koyamba mu 1922. Langali anandisiyira ndi bambo anga, amene analinyamula pothawira ku Dedza m'nthawi ya nkhondo, nabwera nalo kumudzi mtendere wa 1992 utasainidwa. Pa 1 Samueli 15 iwo analemba mzere ndi pensulo, ndipo ine ndakhala ndikuwerenga mutu umenewu kwa zaka zambiri ngati nkhani ya mfumu yopusa yakalekale. Mulungu analamula Sauli kuti akawononge zonse za Aamaleki. Sauli anapitadi, anamenya nkhondo, anapambana, koma anasunga mfumu yawo Agagi pamodzi ndi nkhosa ndi ng'ombe zonona, n'kuwononga zokhazo zimene zinali zonyozeka. Chimene chinandigwira mtima ulendo uno ndi moni amene Sauli anapereka kwa Samueli, pakuti anamulonjera mokondwa, akunena kuti wachita lamulo la Yehova. Sindikhulupirira kuti munthuyu ankadziona ngati wabodza pa mphindi imeneyo. Anali atawerengera zimene wachita, nazipeza kuti ndi zambiri, ndipo chotsalacho anachipezera dzina labwino, kuti ndi nsembe. Samueli sanatsutsane naye za chiwerengero, koma anangofunsa kuti kulira kwa nkhosa ndi ng'ombe kumene akukumva m'makutu mwake n'kwa chiyani.

Nkhosa zanga ine zinali kulira mumzinda wa Tete, pamene ndinali kuimba nyimbo m'tchalitchi kuno kumapiri. Wogula amene anatenga matumba 34 aja pa lole sadya mbatatazo yekha. Amakazigulitsa kwa amayi a m'misika, amene ambiri mwa iwo amatenga thumba pa ngongole, n'kumaligawa m'milu ing'onoing'ono pansi pa dzuwa la m'mbali mwa Zambezi, limene silichedwa kuwoletsa mbatata yotemedwa. Mayi wotereyu akafika pakati pa thumba n'kupeza kuti zotsalazo sizingagulike, mametikali amene akanagulira ana ufa amakhala ali m'thumba mwanga, ndipo gawo lina la ndalamazo ndimaliponya m'mbale ya chopereka Lamulungu. Pa ndime 22, imene bambo anga anaidula mzere, Samueli akunena kuti kumvera n'kokoma koposa nsembe. Ndinali kuloweza mawu amenewa ndili mwana, osadziwa kuti tsiku lina adzaloza matumba anga anayi osankhidwa bwino aja.

Ndiyenera kunena chilungamo kuti ndinadziteteza kwa masabata angapo, ndipo zifukwa zanga sizinali zopeka. Ogula ambiri amabwera ndi matumba awoawo aakulu, n'kufuna kuti tiwadzaze mpaka kusokerera chisaka china pamwamba, mtengo uli womwewo. Feteleza ndi mankhwala opopera zimakwera chaka ndi chaka, ndipo mlimi amene ali ndi mbatata zokumba kale sangathe kudikira mtengo wabwino. Choncho ndinkati ndikungobweza zimene iwo amandibera. Koma Sauli nayenso anali ndi chifukwa chooneka chomveka, pakuti pa ndime 24 akuvomera kuti anaopa anthu n'kumvera mawu awo. Deuteronomo 25 amaletsa kukhala ndi miyeso iwiri m'thumba, waukulu ndi waung'ono, ndipo lamuloli silinena kuti limagwira ntchito pokhapokha mnzako akakhala woongoka. Mneneri Amosi, pa mutu 8, anadzudzula amalonda amene ankachepetsa muyeso ndi kugulitsa zosesa za tirigu pamodzi ndi tirigu weniweni. Zosesa zimenezo ndi timbatata tanga ta pansi pa thumba.

Nkhani ya Hananiya ndi Safira pa Machitidwe 5 inandithetsera mawu onse otsala. Petro anauza Hananiya momveka kuti mundawo unali wake, ndipo ngakhale atagulitsa, ndalamazo zinali m'manja mwake kuti achite nazo zimene akufuna. Mlandu wake unali wakuti anabweretsa gawo akulitcha zonse. Inenso palibe amene anandikakamiza kupereka matumba anayi. Ndinawapereka kuti mpingo undione ngati munthu wathunthu, pamene ndinali ndi mtima wa ku tchalitchi ndi mtima wina wa ku msika, ndipo akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Chaka chino ndasankha mbatata m'magulu atatu, zazikulu, zapakati ndi zing'onozing'ono, gulu lililonse m'matumba ake, ndipo wogula akafika ndimamupempha kuti aloze thumba lililonse limene akufuna kuti ndilikhuthule pansi. Sindidzanamiza munthu kuti ndalemera nazo. Zing'onozing'ono zinapita pa mtengo wotsika kwambiri, zotemedwa tinadya tokha ndi kugawira abale, ndipo anzanga ena a m'mudzi akuti ndikuwaonongera msika. Mmodzi mwa iwo ndi mkulu mnzanga wa mpingo, ndipo takambirana kawiri osamvana.

Chimene sichinathe ndi mlandu wa chaka chathachi. Zakeyu analonjeza kubweza kanayi kwa aliyense amene anamulanda monyenga, koma iye ankawadziwa anthu akewo popeza anali a mu Yeriko momwemo. Ine amayi a ku Tete aja sindiwadziwa ngakhale nkhope, ndipo wogula wa lole uja sanabwerenso kudera kwathu. Mayi a kunyumba anawerengera nane kusiyana kwa mtengo pa matumba 34, ndalamazo tinazikulunga m'kansalu, ndipo zili m'chitini pansi pa bedi. Lole iliyonse yochokera ku Tete ikaima pamsewu, ndimapita kukayang'ana nkhope ya amene akutsikamo.