Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Chithunzi cha bambo

Ndabweranso. Ambiri mwakhala mukufunsa kuti nkhani ija inathera pati, ndiye tiyeni tipitirize, koma ndinenerethu kuti gawo lino si loseketsa ngati lija la kamera yobwereka kwa alamu anga. Zikomo mayi amene munalemba kuti munalira ndi nkhani ya mlongo wanga, ndinamuwerengera, anangoti "iwe wandiyalutsa" koma kumwetulira kunali komweko.

Paja tinalekezera pomwe ndinagula lenzi ya kamera ya 50mm f/1.8 (nambala ya f imasonyeza kukula kwa bowo lolowera kuwala, ikachepa ndiye kuti bowolo lakula). Amene munaigwirapo mukudziwa misala yake, ukaitsegula mpaka pa 1.8 munthu amatuluka yekha waa, zakumbuyo zonse zimangoti mbuu, aliyense nkumakutama kuti ndiwe katswiri. Ine ndinaledzera nazo. Anzanga onse ndinawajambula choncho, pansi pa mitengo, pamakoma, m'mbali mwa msewu, chilichonse pa 1.8 basi, manambala enawo ndinkayesa anangowaikapo kuti lenzi ioneke yodula.

Ndiye linafika Lamlungu lija. Bambo anali atangotuluka m'chipatala, ataonda moti malaya awo abuluu aja ankangolendewera m'mapewa, ndipo ndi iwowo amene anayambitsa. Anati, "Mwana wanga, umangojambula anthu apanjira, ife sitioneka? Tatijambula nafenso." Inali cha m'ma 12 koloko, dzuwa lili paliwombo, ndipo ndinkadziwa kale kuti dzuwa lotere limasiya maenje akuda m'maso komanso anthu amatsinzina. Ndinapempha kuti tidikire madzulo kuwala kukafewa, amayi anati bambo akowa sangakhale panja mpaka nthawi imeneyo, ndipo sankanama. Ndinawasunthira onse pamthunzi wa nyumba, apa pokha ndinachita bwino ndipo ndikufuna muzidziwe. Bambo pampando pakati, amayi ndi mlongo wanga atayima kumbuyo, ana atakhala pansi kutsogolo. Mizere itatu. Ine ndili pa 1.8.

Ukayima mamita atatu kuchoka pa anthu ndi lenzi imeneyi utaitsegula chonchi, malo amene amatuluka bwino, kuyeza kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, safika ndi theka la mita lomwe. Ndipo ndinasiya kamera kuti isankhe yokha poyika fokasi, iyo inangogwira amene anali pafupi, kamwana ka mlongo wanga. Ndinadina kanayi, ndinasuzumira pa kasikirini kakumbuyo kaja ndili padzuwa, zinaoneka bwino, sindinakulitse kuti ndione maso. Bambo anati atopa, tinawagwira mkono kulowa nawo m'nyumba.

Usiku ndi pomwe ndinatsegula pa laputopu. Mwana uja tsitsi lake mutha kuliwerenga limodzi limodzi, ngakhale kadothi ka pabondo kakuoneka. Bambo ali ngati ukuwaona pagalasi lanthunzi, kumwetulira kukudziwika kuti kulipo koma maso mulibe. Zonse zinayi. Ndinadziuza kuti palibe vuto, Lamlungu linalo ndibwereza. Lamlungu linalo ndinapita kukajambula anzanga ena omwe lero sitilankhulananso nkomwe, linalo kunagwa mvula, linalo bambo anali atabwerera m'chipatala ndipo sanatulukemonso.

Ndakhala mausiku osawerengeka pa Lightroom, pulogalamu yokonzera zithunzi, ndikukoka sharpening yonolera chithunzi mpaka kumapeto, nkhope imangosanduka mchenga, chifukwa chimene lenzi sinagwire kompyuta ilibe kokachitenga. Ena mundiuza za mapulogalamu a AI aja, ndinayesa kamodzi, inandipatsa mdala wooneka bwino ndithu koma maso si a bambo anga, ndinafufuta pompo manja akunjenjemera. Amayi anachitsukitsa chimodzi nkuchiika mufelemu, amati iwo amawaona bwinobwino. Ine ndikalowa m'chipinda chimenecho ndimayang'ana kumbali.

Msuweni wanga uja, ndikudziwa umawerenga ngakhale sulemba kanthu. Unanena pamaso pa anthu kuti ndikanajambula ndi foni zikanatuluka. Unkanena zoona, foni sensa yake, kachipangizo kogwira chithunzi, ndi yaing'ono ndiye pafupifupi aliyense amatuluka bwino, ndinazimvetsa patapita nthawi. Koma tsiku lija unalipo, foni ili m'thumba mwako, sunaitulutse. Ndangoti ndinene, zinandikhala kukhosi nthawi yayitali.

Zaka zitatu zinadutsa kamera ili m'kabati, ndinasintha ntchito kawiri, ndinakwatira.

Amene anandibwezera ndi agogo ena osawadziwa, ndinawapeza atakhala pabenchi madzulo dzuwa likuwawomba cham'mbali, makwinya onse akuwala. Kamera ndinali nayo chifukwa ndinkapita kukaigulitsa, zoona. Ndinawalonjera, ndinawapempha, anati "ine wokalamba ine, iwe ukandionetse kwa ndani" kenako anakonza kolala okha. Ndinaika fokasi padiso lapafupi ndi dzanja langa, ndinadina, ndinakulitsa mpaka ndinaona nsidze, ndinawaonetsa. Wogula uja anandidikira mpaka anatopa.

Lero banja likandiitana ndimayambira pa f/8 kuti mizere yonse ituluke bwino, kukada pang'ono f/5.6 nkukweza ISO kuti chithunzi chiwale, ndipo sindichoka ndisanaone maso a wamkulu wa onse, ena amadandaula kuti ndimachedwetsa, adandaule. Agogo aja ndinabwererako ndi chithunzi chawo chotsuka patatha sabata ziwiri, zimene ndinakapeza pabenchipo ndi za gawo 8.