Phala la mu rediyeta sindinaphike ndine

Inu a pa Kamuzu Road amene mwayamba kundifunsa ngati ndatenga shuga ndi masipuni ndikangoimika galimoto, imvani kwa mwini wake, chifukwa nkhaniyi pofika kwa anyamata a kabaza yasanduka yoti ndinkaphika nsima mu injini. Sinali nsima. Linali phala, ndipo wophika wake sindinali ine.

Lole yanga ija ya Dyna, ya injini ya 3L, inayamba kuboyila titangodutsa mlatho wa Chia, titasenza mpunga wa ku Nkhotakota. Dzuwa la Okutobala kunyanja kuno mukulidziwa. Singano yoonetsa kutentha kwa injini inakwera mpaka pofiira, ndinaima cha ku Benga kudikira kuti izizire. Nditatsegula chivindikiro cha rediyeta, madzi anali atachepa, ndipo pakhosi pake panali zinthu zoyera, zolemera, zonanda. Nditaliza injini, thovu linayamba kukwera, bwatabwata.

Aliyense amene anagwirapo sipanala angakuuzeni kuti apa gasiketi yapsa. Gasiketi ndi ija imakhala pakati pa hedi (mutu wa injini) ndi buloko (thunthu lake), kutsekereza kuti moto wa m'masilinda, madzi ndi oyilo zisakumane. Injini ya dizilo imayatsa mafuta ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa zedi, ndiye gasiketi ikangong'ambika pang'ono mpweyawo umathawira m'madzi n'kumachita thovu, oyilo akalowamo madzi amayera n'kulemera. Kuboyila, madzi kutha, thovu, zoyera zonanda, zonsezi ndinaziona ndi maso angawa. Inde, oyilo pa dipstick, kachitsulo koyezera oyilo kaja, anali wakuda bii ndipo ku ekizozi kunalibe utsi woyera, koma makaniko wanga anati oyilo amakhala ndi mphamvu kuposa madzi, amatha kulowa kwa mnzake iye osalowedwa. Inuyo mukanatsutsa?

Nthawi yonseyi alamu anga, amene amandithandiza kukweza katundu, anali phee, maso ali kunyanja.

Tinaikoka mpaka ku Salima, pansi pa mtengo wa mango pomwe makanikoyo amagwirira ntchito. Anachotsa mapaipi a dizilo, timing belt, mamanifodi, kenako mabawuti onse 18, n'kunyamula hedi. Gasiketi inatuluka yokongola, yopanda ngakhale kachipsera. Makaniko anaitembenuza uku ndi uku, n'kunena molimba mtima, "Zina zimapsa mobisa, bwana. Mwina hedi yapindika. Ipite ku Lilongwe akaisikime, akaipale isalale."

Hedi ya 3L ndi chitsulo chenicheni, si zopepuka za galimoto zamakonozi. Ndinaikulunga m'chitenje cha mayi a kunyumba n'kukwera nayo minibasi. Kondakitala ataiyesa kunyamula anati ilipire mpando wake. Inakhala pambali panga msewu wonse, ine nditaikumbatira kuti isagwe m'makona, mpaka mayi wina kumbuyo anandigwira paphewa n'kufunsa mwachifundo ngati mwanayo wayamba liti kudwala. Ku Lilongwe anaikapo rula yachitsulo, kuyesa kulowetsa timasamba tawo toyezera mpata, kenako anaipopa madzi kuti aone ngati ili ndi mng'alu. Anandibwezera akuti ilibe mlandu uliwonse. Pobwerera inalipiranso mpando.

Tsono mvetserani apa. Nditafika, makaniko anati poti tikudikira gasiketi yatsopano, titsuke rediyeta. Anamasula paipi yapansi. Madzi sanatuluke. Tinadikira. Kenako chinthu choyera chinasuzumira, n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono, chosathamanga, chodzilemekeza, mpaka pansi phwata. Nkhuku ya pa nyumba yoyandikana inabwera, inayang'ana ndi diso limodzi, inajompha. Inaitana anapiye. Nkhuku sidya oyilo, anzanga. Makaniko anagwada, anaviikamo chala, anachinunkhiza nthawi yaitali, anachiyang'ana padzuwa, ndipo munthu wamkulu wa ana ake, wovala ovolosi, analawa. Anatafuna. Anayang'ana kumwamba, akuganiza. Ife tonse, ine, anyamata ake, wogulitsa chinangwa amene anangoima kuonerera, tinkadikira chigamulo.

"Mgaiwa uwu," anatero. "Wapsa bwino, koma mchere mulibe."

Ndinatembenuka pang'onopang'ono. Alamu anali atayamba kale kuyenda chafutambuyo kulowera kumsewu.

"Alamu, tabwerani kuno."

"Ayi alamu, ine ndimafuna kuthandiza."

Zinaululika kuti ku Nkhotakota, ine ndili kalikiliki kunenerera mtengo wa mpunga, iwo anaona rediyeta ikudontha pamsoko. Dalaivala wina anawauza kuti kasipuni ka ufa kamatseka kabowo kotere mpaka munthu ukafike. Alamu anawerengera okha kuti kasipuniko n'ka galimoto yaing'ono, lole ikufunika mbale yodzaza, ndipo poti msewu ndi wautali anaonjezanso kachiwiri. Ufa unapsa, unatseka timapaipi ta mu rediyeta, madzi anasiya kuzungulira. Thovu lija ndinkaliyesa mpweya wa m'masilinda linali phala likubwata.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sananenere ku Benga konkuja, hedi isanatsegulidwe. Akuti anaona kuti ine ndi makaniko tikulankhula za sukulu, sanafune kulowerera akuluakulu.

Gasiketi ukangoitsegula siibwereranso, ndiye ndinagula ina, yofanana kukhuthala ndi yakale chifukwa za dizilo zimasiyana malinga ndi mmene mapisitoni amatulukira pamwamba pa buloko. Mabawuti anamangidwa kuyambira pakati kupita kunja, pang'onopang'ono, ndi torque wrench yobwereka, sipanala yoyeza mphamvu yomangira. Rediyeta anaitsegula, kutokosa kapaipi kalikonse n'kuwotcherera msoko uja. Ndalama ya mpunga yonse inathera pamenepo, ndipo chitenje chija chili ndi oyilo amene sopo wamtundu uliwonse wamulephera. Mayi a kunyumba akufuna china, cha Java, koma za kuchotsa ntchito mchimwene wawo akuti ndisayerekeze.

Alamu tikuyendabe nawo. Dzana tikudutsa pa Khombedza anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Koma alamu, tinene zoona, kudontha kuja kunasiya."